Hastings Kamuzu Banda

Hastings Kamuzu Banda (cha m'ma 1898 – 25 November 1997) anali dokotala komanso wandale wa ku Malawi. Anatsogolera dziko la Nyasaland potuluka mu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anakhala nduna yaikulu kuyambira 1963, ndipo kuchokera 1966 mpaka 1994 anali mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi. Asanalowe ndale kwathunthu, anagwira ntchito ya udokotala kwa zaka pafupifupi 17 ku Britain ndi ku Ghana. Zina mwa zaka zimenezi anazigwira pansi pa National Health Service, ndondomeko ya boma la Britain yopereka chithandizo chaulere kwa odwala.

Mu ulamuliro wake munakhazikika mfundo yakuti munthu asamalipire pa chipatala cha boma, ngakhale kuti iye mwini anayamba wayesa kulipiritsa odwala mu 1964. Munthawi yake boma linamanga chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, linatsegula sukulu za anamwino ndi madokotala, ndiponso linayamba kutumiza ogwira ntchito zaumoyo m'midzi. Komabe analamulira pansi pa chipani chimodzi, anthu ambiri anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ena anaphedwa, ndipo pochoka pa mpando anasiya dziko limene imfa za ana zinali m'gulu la zochuluka kwambiri pa dziko lonse.

Kubadwa ndi ubwana

Kamuzu anabadwira pafupi ndi boma la Kasungu, m'banja la Achewa. Bambo ake anali Mphonongo Banda ndipo mayi ake anali Akupingamnyama Phiri. Nthawi imeneyo masiku obadwa sankalembedwa m'midzi. Boma lake linkagwiritsa ntchito tsiku la 14 May 1906, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Dzina lakuti Kamuzu linabwera chifukwa mayi ake anamwa mankhwala a mizu ochokera kwa sing'anga kuti akhale ndi mwana. Dzina lakuti Hastings analitenga pobatizidwa, potengera m'mishonale wa ku Scotland, John Hastings.

Anayamba sukulu ku Mtunthama, kenako anapita ku Chilanga. Sukulu zonsezi zinali za mishoni ya Livingstonia. Malume ake, Hanock Msokera Phiri, amene anali mphunzitsi, ndiwo ankamulimbikitsa pa maphunziro. Mu 1915 anatulutsidwa m'chipinda cha mayeso a uphunzitsi pomuganizira kuti akuonera, ataimirira kuti aone bwino mafunso amene anali pa bolodi. Woyang'anira mayesowo anali m'mishonale Thomas Cullen Young, amene patapita zaka zoposa 30 anadzakonza naye buku limodzi.

Ulendo wa ku Rhodesia ndi ku South Africa

Chaka chomwecho Kamuzu anauyamba ulendo wapansi wopita ku Southern Rhodesia. Anakafika ku Hartley, tauni imene lero ndi Chegutu ku Zimbabwe, ndipo anapeza ntchito yosesa pa chipatala. Olemba mbiri yake amati mmene odwala achikuda ankasamalidwira kumeneko ndi zimene zinamupatsa maganizo odzakhala dokotala.

Mu 1917 iye ndi malume ake anapitirira ku South Africa. Anayamba wagwira ntchito mu mgodi wa malasha ku Natal, kenako anakakhala kalaliki ndi womasulira pa mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, kufupi ndi Johannesburg. Usiku ankapita kusukulu. Ali kumeneko analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo bishopu wa mpingowo, William Tecumseh Vernon, anavomera kumuthandiza kuti akaphunzire ku America. Ananyamuka mu 1925.

Maphunziro ku America ndi ku Scotland

Kamuzu anamaliza sekondale pa Wilberforce Institute ku Ohio mu 1928. Anaphunzira pa yunivesite ya Indiana, kenako anasamukira pa yunivesite ya Chicago komwe analandira digiri mu 1931. Ali ku Chicago anathandiza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins pomuuza mawu ndi ziganizo za Chichewa cha ku Kasungu. Ntchitoyi inabala buku la A Grammar of Chichewa, limene linasindikizidwa mu 1937. Chaka chomwecho Kamuzu anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, ku Tennessee, imodzi mwa sukulu zochepa zimene zinkaphunzitsa madokotala achikuda ku America.

Kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain, anafunika satifiketi ya ku Britain komweko. Anapita ku Edinburgh ndipo mu 1941 anakhoza mayeso a makoleji a madokotala a ku Edinburgh ndi ku Glasgow. Ali mu mzindawo anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Cholinga chake chinali kubwerera ku Nyasaland kukachiza anthu akwawo, koma njira zonse ziwiri zinatsekeka. Anamwino achizungu a ku Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wachikuda, ndipo boma la atsamunda linaika malamulo a tsankho pa ntchito imene likanamupatsa. Pa nthawiyo Dr Daniel Malekebu, amenenso anaphunzira ku Meharry, anali atabwerera kale ku Chiradzulu, koma ankagwira ntchito pa mishoni ya Providence Industrial Mission, osati m'boma.

Udokotala ku Britain

Kamuzu anatsegula chipatala chake choyamba m'dera la anthu osauka mu mzinda wa Liverpool, komwe anadziwika kuti sankalipiritsa odwala amene analibe ndalama. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakana kulowa usilikali chifukwa cha chikhulupiriro chake, ndipo anakagwira ntchito ku North Shields, kumpoto chakummawa kwa England, komwe ena mwa odwala ake anali amalinyero achikuda. Nkhondo itatha mu 1945 anasamukira ku Harlesden, kumpoto chakumadzulo kwa London.

Pa 5 July 1948 boma la chipani cha Labour, motsogozedwa ndi Clement Attlee, linakhazikitsa National Health Service. Nduna ya zaumoyo, Aneurin Bevan, ndiye anaitsogolera. Mu ndondomekoyi wodwala sankalipira pokaonana ndi dokotala. Ndalama zinkachokera ku misonkho, ndipo dokotala wa m'dera ankalipidwa ndi boma molingana ndi chiwerengero cha anthu amene analembetsa kwa iye. Kamuzu anali ndi odwala zikwi zingapo m'kaundula wake, ambiri mwa iwo azungu ogwira ntchito wamba. Motero anaona ndi maso ake mmene chithandizo chaulere cha boma chimayendera.

Nyumba yake ku London inali malo okumanirana Aafirika okonda ndale, monga Kwame Nkrumah ndi Jomo Kenyatta. Mu 1945 anapita ku msonkhano wachisanu wa Pan-African Congress ku Manchester, ndipo ankaimira chipani cha Nyasaland African Congress ku Britain. Mu 1946 iye ndi Cullen Young anatulutsa buku la Our African Way of Life, lomasulira nkhani zimene anthu atatu a ku Nyasaland analemba m'Chinyanja. Analimbana kwambiri ndi ganizo la chitaganya, koma chitaganyacho chinakhazikitsidwabe mu 1953. Chaka chomwecho anasamukira ku Gold Coast, dziko limene linakhala Ghana mu 1957, ndipo anatsegula chipatala ku Kumasi. Kuchoka kwake ku London kunachitikanso pa nthawi imene dzina lake linatchulidwa pa mlandu wothetsa ukwati wa Merene French, mayi amene ankagwira ntchito pa chipatala chake.

Kubwerera kumudzi ndi ufulu wodzilamulira

Achinyamata a mu Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, ankafuna munthu wamkulu ndi wophunzira amene mafumu ndi anthu a m'midzi akanamumvera. Anamuitana, ndipo anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Mu August chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho pa msonkhano wa ku Nkhata Bay. Anatsegulanso chipatala ku Limbe, komwe namwino Cecilia Kadzamira anayamba kugwira naye ntchito. Pa misonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira.

Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Kamuzu anamangidwa n'kutumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa m'dziko muno pa masabata otsatira, ena mwa iwo ku Nkhata Bay. Ali m'ndende, Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party. Kamuzu anatulutsidwa pa 1 April 1960. Chipanicho chinapambana chisankho cha mu August 1961, iye anakhala nduna yaikulu pa 1 February 1963, chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo dziko linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 July 1964.

Nkhani ya tiki ndi kugawanika kwa nduna mu 1964

Boma latsopanoli linalandira ntchito zaumoyo zofooka. Madokotala Achimalawi anali owerengeka. Zipatala zikuluzikulu za boma zinali ku Zomba ndi ku Blantyre, komwe Queen Elizabeth chinatsegulidwa mu 1958, pamene madera ambiri akumidzi ankadalira zipatala za mishoni monga Nkhoma, Likuni, Malamulo ndi Livingstonia. Ndalama za boma sizinkakwana, ndipo Britain ndiye ankathandiza kutseka mpatawo chaka ndi chaka.

Pofuna kupeza ndalama, boma la Kamuzu linalamula kuti wodwala aliyense wodzalandira mankhwala pa chipatala cha boma azilipira tiki, ndalama ya makobiri atatu. Kwa anthu a m'midzi, amene ankagwira ndalama nthawi yokolola yokha, imeneyi sinali nkhani yaing'ono. Inapwetekanso mitima chifukwa anthu ankayembekezera kuti ufulu ubweretsa mpumulo, osati kulipira chinthu chimene m'nthawi ya atsamunda ankalandira ulere.

Kumapeto kwa August 1964 nduna zinamuuza Kamuzu madandaulo awo. Kuwonjezera pa tiki, zinadandaula za lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupatsa Amalawi maudindo amene anali m'manja mwa azungu, ubale wake ndi Portugal, kukana kwake thandizo la China, ndi khalidwe lake lochita zinthu yekha. Pa 7 September anachotsa ntchito Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo awo, ndipo Chipembere atabwera kuchokera ku Canada anachita chimodzimodzi. Nyumba ya malamulo inaima kumbali ya Kamuzu. Ambiri mwa atsogoleriwa anathawira kunja. Chipembere anayesa kulanda boma ndi zida mu February 1965 koma anakanika pa doko la Liwonde, ndipo Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi gulu la zida.

Kamuzu anapambana pa ndale, koma tiki sinakhalitse. Inachotsedwa, ndipo kuyambira nthawi imeneyo zipatala za boma zakhala zaulere, kupatula mawodi olipira amene munthu amasankha yekha. Mu zaka za m'ma 1980 ndi 1990, World Bank ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama ankalimbikitsa maiko a mu Africa kulipiritsa odwala. Ghana inayamba kutero mu 1985, Kenya mu 1989 ndipo Zambia inatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Malawi, ngakhale inavomera kusintha zinthu zambiri pa chuma, sinabwezeretse malipiro a odwala wamba pa zipatala za boma.

Ntchito zaumoyo mu ulamuliro wake

Popeza madokotala anali ochepa, boma linadalira anthu ophunzitsidwa kwa zaka zochepa. Ma medical assistant ndi anamwino ndiwo ankayendetsa zipatala zing'onozing'ono za m'midzi. Mu 1976 maphunziro a ma clinical officer anayamba ku Lilongwe. Amenewa amaphunzira kupima odwala, kulemba mankhwala ndi kuchita maopaleshoni ena, monga ochotsa mwana m'mimba mayi akalephera kubereka, ndipo mpaka lero ndiwo amagwira ntchito yaikulu pa zipatala za m'maboma. Mu 1979 yunivesite ya Malawi inatsegula Kamuzu College of Nursing ku Lilongwe.

Sukulu ya madokotala inachedwa. Kwa zaka zambiri ophunzira ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerera, ena chifukwa cha malipiro, ena chifukwa choopa ndale. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, patatha zaka 27 dziko likulamulidwa ndi dokotala. Mmodzi mwa amene anailimbikira anali Dr John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi. Sukuluyi inaika phunziro la umoyo wa anthu m'midzi patsogolo, ndipo ophunzira ake ankatumizidwa ku Mangochi kukaphunzira pakati pa anthu.

Ntchito imene inafika pakhomo pa anthu ambiri inali ya katemera ndi sikelo. Mu zaka za m'ma 1960 boma linalemba anthu oyenda m'midzi kukabaya katemera wa nthomba, ndipo matendawa anatha m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kolera itabuka mu 1973, boma linalembanso anthu ophunzitsa za zimbudzi, madzi abwino ndi ukhondo, komanso opereka malipoti a matenda. Magulu amenewa ndiwo anasanduka alangizi a zaumoyo, odziwika kuti ma HSA, amene lero amayeza ana pa sikelo, kubaya katemera, kuthira mankhwala m'zitsime ndi kuyendetsa timakiliniki ta m'midzi yakutali ndi chipatala.

Msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978, wokonzedwa ndi WHO ndi UNICEF, unalimbikitsa maiko kuika mphamvu pa chithandizo choyambirira chofikira aliyense. Malawi inatsatira mfundoyi. Mu 1979 inakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya katemera wa ana wolimbana ndi chikuku, poliyo, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chifuwa chachikulu ndi matenda a diphtheria. Azamba a m'midzi anayamba kuphunzitsidwa ndi kupatsidwa zipangizo. Kuyambira 1984 ndondomeko yolimbana ndi chifuwa chachikulu inayamba kugwiritsa ntchito mankhwala a miyezi yochepa, omwedwa moyang'aniridwa, ndipo njira imeneyi, imene inayesedwanso ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndiyo WHO inadzaitenga n'kuifalitsa pa dziko lonse. Bungwe la LEPRA linagwira ntchito ndi boma polimbana ndi khate kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960.

Zipatala za mipingo zinapanga bungwe lawo mu 1966, lotchedwa PHAM, limene pambuyo pake linasintha dzina kukhala CHAM. Zipatalazi zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko, makamaka kumidzi, ndipo zimalipiritsa. Choncho munthu wokhala m'dera limene muli chipatala cha mishoni chokha sankapindula ndi mfundo ya chithandizo chaulere.

Zotsatira zake zinali zosakanikirana. Chiwerengero cha anthu chinakwera kuchoka pa 4 miliyoni mu 1966 kufika pafupifupi 8 miliyoni mu 1987, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa othawa kwawo okwana pafupifupi 1 miliyoni. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 134 ankamwalira asanakwanitse chaka chimodzi ndipo 234 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Malungo, kutsegula m'mimba, chibayo ndi kunyentchera ndizo zinkapha ana ambiri. Wolemba mbiri Luke Messac, m'buku lake la 2020 la No More to Spend, anafotokoza kuti kuchepa kwa ndalama za zaumoyo ku Malawi, kuyambira nthawi ya atsamunda, kunkachokera pa zosankha za olamulira osati pa umphawi wokha. Boma la Kamuzu linaika patsogolo minda ikuluikulu ya fodya, misewu, nyumba zachifumu ndi likulu latsopano.

Lilongwe ndi zipatala zake

Kamuzu anaumirira kuti likulu la dziko lichoke ku Zomba lipite ku Lilongwe, ponena kuti chitukuko chifikenso chigawo chapakati ndi chakumpoto. Britain inakana kulipira ntchitoyi, ndipo ngongole yoyambira inachokera ku boma la tsankho la South Africa, limene Malawi inakhazikitsa nalo ubale wa ukazembe mu 1967. Bungwe la Capital City Development Corporation linayamba ntchito mu 1968, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975.

Nthawi imeneyo Lilongwe inali tauni yaing'ono ya malonda m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, pamalo amene lero amatchedwa Old Town. Mu 1966 inali ndi anthu pafupifupi 19,000, ndipo pofika 1977 anali atayandikira 100,000. Atsamunda anasiya zipatala ziwiri: chimodzi kumtunda cha azungu, china kumunsi, pafupi ndi msika, cha anthu akuda. Chakumunsichi anthu ankachitcha Bottom, ndipo lero ndi chipatala cha Bwaila.

Mu 1977 chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa ku Area 33, pakati pa Old Town ndi City Centre, chitamangidwa ndi thandizo la dziko la Denmark. Chinakhala chipatala chachikulu cholandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a chigawo chapakati. Komabe amayi ambiri oyembekezera, odwala chifuwa chachikulu ndi odwala matenda a maganizo anapitiriza kuthandizidwa ku Bottom, m'nyumba zakale zimene zinamangidwira tauni yaing'ono. Kunkakhala kuthithikana, ndipo odwala ena ankagona pansi.

Mapulani a mzindawu anagawa malo okhala molingana ndi chuma cha anthu. Akuluakulu a boma ndi akazembe anapatsidwa mapuloti aakulu ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kufupi ndi Capital Hill komwe kuli unduna wa zaumoyo. Ogwira ntchito wamba ankakhala ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde ndi Area 25. Anthu a m'madera amenewa, pamodzi ndi ochokera m'midzi yozungulira mzindawu, ndiwo akhala akudalira kwambiri chithandizo chaulere cha ku Bwaila ndi cha zipatala zing'onozing'ono za ku Kawale, Area 18 ndi Area 25.

Kulera ndi Edzi

Ngakhale anali dokotala, Kamuzu sankafuna njira zamakono zakulera. Boma lake linaziletsa mu zaka za m'ma 1960, poganiza kuti dziko lili ndi malo okwanira ndipo likufunika anthu ambiri olima. Mu 1982 linalola ndondomeko yolimbikitsa kutalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake, pofuna kuteteza moyo wa mayi ndi mwana, koma osati kuchepetsa chiwerengero cha ana. Bungwe la Banja La Mtsogolo linayamba mu 1987.

Munthu woyamba wopezeka ndi Edzi ku Malawi anadziwika mu 1985. Unduna wa zaumoyo unayamba kuyeza magazi operekedwa kwa odwala ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 unakhazikitsa nthambi yolimbana ndi matendawa. Koma malamulo oletsa kufalitsa nkhani zina, ndi mantha amene anthu anali nawo, zinachititsa kuti nkhani za kugonana ndi makondomu zisakambidwe poyera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, amayi oyembekezera opezeka ndi HIV anali awiri pa 100 alionse mu 1985, koma pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 anali ataposa 30 pa 100 alionse.

Ulamuliro wa chipani chimodzi

Malawi inakhala ripabuliki ya chipani chimodzi pa 6 July 1966, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya. Ankatchedwa Ngwazi komanso Nkhoswe ya amayi, ndipo ankaphunzitsa nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko. Achinyamata a chipani ndi a Malawi Young Pioneers ankaumiriza anthu kugula khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankatha kubwezedwa pa msika, pokwera basi, ngakhalenso pa chipatala. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadilo, analetsedwa mu 1967 ndipo zikwi zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique.

Anthu ambiri anatsekeredwa ku Mikuyu, Dzaleka ndi ndende zina popanda mlandu. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, amene anali nduna ya zaumoyo, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Kutsika pa mpando ndi imfa

Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse a mpingowo. Inadzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula ndi kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka. Inatchulanso kuthithikana m'zipatala, kuchepa kwa ogwira ntchito zaumoyo, ndi kusiyana kwa chisamaliro pakati pa odwala olemera ndi osauka. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege la ku Lilongwe, ndipo maiko othandiza anaimitsa gawo la thandizo lawo.

Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha ndale za zipani zambiri. Mu October chaka chomwecho Kamuzu anachitidwa opaleshoni ya mu ubongo ku South Africa. Pa chisankho cha pa 17 May 1994 anagonja kwa Bakili Muluzi ndipo anavomera zotsatirazo. Mu 1995 anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza koma khoti linamupeza wosalakwa mu December. Mu January 1996 anatulutsa chikalata chopepesa anthu amene anazunzika mu ulamuliro wake. Anamwalira pa chipatala cha Garden City Clinic ku Johannesburg pa 25 November 1997, ndipo anaikidwa m'manda ku Lilongwe pa 3 December.

Chikumbutso

Boma la Muluzi linachotsa dzina lake pa malo ena, ndipo chipatala chachikulu cha likulu chinakhala Lilongwe Central Hospital. Bingu wa Mutharika anabwezeretsa dzinalo mu 2004, ndipo pa 14 May 2006 anatsegula chiliza cha Kamuzu kufupi ndi Capital Hill. Tsiku la 14 May ndi tchuthi chomukumbukira, ndipo nkhope yake ili pa ndalama ya K1,000. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizidwa kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Maboma otsatira anamanga pa maziko a chithandizo chaulere. Mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo a ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Kuyambira 2006 boma limapanga mapangano ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira, boma n'kumabweza ndalamazo. Ku Bwaila kunatsegulidwa kiliniki ya Martin Preuss ya odwala HIV ndi chifuwa chachikulu mu 2006, ndipo nyumba yatsopano yochilira amayi inatsegulidwa mu 2009. Maganizo olipiritsa odwala amabwerabe nthawi ndi nthawi, makamaka mankhwala akasowa m'zipatala, ndipo olemba mbiri amatchula nkhani ya tiki ya 1964 ngati chimodzi mwa zifukwa zimene atsogoleri a Malawi amazengereza kuchita zimenezo.